Pomanga ndi Posamanga pa Mosi-oa-Tunya

Munthu wocokera mu mzinda wa Livingstone kunka ku mathithi a Mosi-oa-Tunya amayenda pa mseu wa makilomita ngati 10. Akapitirira nyumba za mzinda ndi kuoloka kamtsinje ka Maramba, amalowa m'thengo, ndipo patsogolo pace amaona nthunzi yoyera irikukwera kumwamba ngati utsi wa lupsa. M'nyengo ya cilimwe nthawi zina magalimoto amaima pa mseupo kulindira njobvu kuti zioloke. Mlendo angayese kuti thengo limeneli linangotsala lokha, anthu ataliiwala. Si tero ai. Linatsala cifukwa anthu ena anakhala pansi, nalemba malire pa mapu, napangana kuti m'kati mwa malirewo munthu asamange monga afunira. Nchito imeneyi ndiyo kulinganiza malo, ndipo mbiri ya mathithiwa ionetsa bwino kagwiridwe kace, ndi mabvuto ace omwe.

Nzeru yakale ya pamudzi

Kulinganiza malo sikunabwere ndi Azungu. Pa mudzi uli wonse mfumu ndi akulu amadziwa pomanga nyumba, polima minda, podyetsa ng'ombe ndi potunga madzi. Amadziwanso malo osakhudzidwa. Palibe munthu amene amatema mitengo ya kumanda, cinkana nkhuni zitasowa cotani, ndipo palibe amene amalima pa njira ya kudambo. Malamulo amenewa sanalembedwe, pakuti onse a pamudzi anabadwa nawapeza.

Masiku ano ofuna malo amacokera kutali, ena kutsidya kwa nyanja, ndipo sadziwa kuti manda ali pati kapena kuti nyama zimadzera pati. Amabwera ndi ndalama zambiri ndi makina otha kugwetsa msitu pa sabata imodzi. Pa cifukwa ici nzeru ija ya akulu iyenera kulembedwa pa mapu ndi kulimbitsidwa ndi lamulo la Boma, ndipo iyenera kulembedwa wogula asanafike. Akafika kale, mlandu uli wonse umaweruzidwa ndalama ziri pa tebulo.

Cimene cisungidwa

Pa Mosi-oa-Tunya mtsinje wa Zambezi, umene pamenepo ndi wotambalala mamita 1,708, umagwera m'phompho lakuya kufikira mamita 108. Nthunzi ya madziwo imagwa ngati mvula pa mitengo ya pandunji pa mathithi, kotero kuti pali kamsitu kobiriwira pakati pa dziko louma. Kunsi kwace mtsinje umayenda mokhotakhota m'maphompho amene madzi anakumba m'thanthwe kalekale.

Eni dziko limeneli ku mbali ya Zambia ndiwo Aleya a Mfumu Mukuni. Iwo amati mathithiwa ndi Shungu Namutitima, ndipo ali ndi malo ao opatulika pafupi ndi madzi, kumene amapereka nsembe kwa makolo ao motsogozedwa ndi mai waudindo wa Bedyango. Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi wogunda, linadza ndi Makololo. David Livingstone anafika pa cisumbu ca pamwamba pa mathithi pa 16 November 1855, atapalasidwa m'bwato ndi anthu a komweko, napatsa malowo dzina la Mfumukazi Victoria. Koma anthu anakhalako kale kwambiri onsewa asanabadwe, pakuti m'dothi la pafupi ndi mathithi munakumbidwa zida zamwala za anthu akale lomwe.

Tsono zosungidwa ziripo zitatu: madzi, thengo ndi nyama zace, ndi malo a mbiri. Pali cacinai cimene anthu ambiri samaciganizira, ndico maonekedwe. Munthu woima m'mphepete mwa phompho samaona madzi okha. Amaonanso zisumbu, migwalangwa, mitengo ya kutsidya ndi thambo pamwamba pace. Nyumba imodzi yaitali, cinkana imangidwe patali ndi mtsinje yosakhudza dontho la madzi, ikaturukira pamwamba pa mitengo yaononga cimene mlendo anadzera. Ndico cifukwa cace olinganiza malo samasunga mathithi okha, koma amasunganso dziko lowazinga.

Ulalo, mzinda ndi magetsi

Mkangano woyamba unali wa ulalo wa njanji. Cecil Rhodes anafuna kuti ulalo umangidwe pafupi ndi mathithi, kuti nthunzi izigwera pa sitima zooloka. Iye anamwalira mu 1902 osauona. Anthu ena a nthawi imeneyo anatsutsa, nati citsulo cidzaipitsa malo okongola, ndipo kuli bwino kuolotsa njanji kwina. Sanamveredwe, ndipo ulalo unatsegulidwa mu September 1905. Lero ambiri amauyamikira, koma phunziro lace ndi lakuti cimene camangidwa pa malo otere cimakhalapo kuposa moyo wa ocimanga. Ulalowo wakhala pamenepo zaka zoposa 100, ndipo njanji, mseu ndi maofesi a pa malire a maiko zonse zinautsata.

Mzinda unayenda mwa njira yina. Azungu oyamba anakhala pa Old Drift, m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi, pa dooko. Malowo anali a udzudzu, ndipo ambiri anafa ndi malungo. Njanji itafika, anthu anasamutsidwira pa mtunda wa mcenga patali ndi mtsinje, pamene pali Livingstone tsopano. Pa Old Drift panatsala manda okha, amene asungidwa monga malo a mbiri. Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene Boma linasamukira ku Lusaka. Mzinda ukadakula pa gombe la mtsinje, bwenzi masitolo ndi makomboni zitafika pa mathithi peni peni. Mpata uja wa makilomita 10 unayamba ndi mantha a malungo, koma unasanduka cuma cacikulu ca mzindawo. Akulu anati mmera m'poyamba.

Cacitatu cinali magetsi. Nyumba yoyamba ya makina a magetsi inayamba nchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo inakuzidwa pambuyo pa ufulu kufikira mphamvu ya mamegawati 108. Makina ace ali pansi m'phompho, posaonekera kwa alendo, ndipo kumeneko kunali kulinganiza kwabwino. Koma madzi oyendetsa makinawo amapatutsidwa pamwamba pa mathithi a kum'mawa, mbali ya Zambia. M'miyezi ya October ndi November, pamene mtsinje umacepa mwa cibadwa cace, kupatutsako kumaonjeza kuuma kwa thanthwe la mbali imeneyo. Dziko lifuna magetsi, lifunanso alendo, ndipo zonse ziwiri zimwera pa mtsinje umodzi.

Malamulo ndi oyang'anira

Mu 1972 Boma linakhazikitsa Mosi-oa-Tunya National Park, malo osungiramo nyama a masikweya kilomita 66, otsata gombe la Zambezi. Ndi amodzi a malo ang'ono kwambiri otere m'Zambia, koma muli njobvu, njati, mbidzi, akadyamsonga ndi zipembere zoyera zimene zimalondedwa usana ndi usiku. Mu 1989 bungwe la UNESCO linalemba mathithiwa pa mndandanda wa malo amene ali colowa ca anthu a pa dziko lonse lapansi, Zambia ndi Zimbabwe atapempha pamodzi. Kulembedwa kumeneku sikulanda dziko kwa eni ace. Ndi pangano lakuti maiko awiriwa adzasunga malowo, ndi kudziwitsa bungwelo asanayambe nchito yaikulu iri yonse pamenepo.

M'caka comweco ca 1989 panapangidwa lamulo la National Heritage Conservation Commission, bungwe losunga malo a mbiri m'Zambia monse, ndipo ndilo liyang'anira pa mathithi peni peni. Lamulo la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Wofuna kumanga cinthu cacikulu ayenera kuyamba wapereka kwa bungweli lipoti lonena zimene nchito yace idzacita kwa madzi, mitengo, nyama ndi anthu, ndipo anthu a pamalopo ali ndi ufulu wa kunena maganizo ao. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inapanga Urban and Regional Planning Act, m'malo mwa lamulo lakale la Town and Country Planning. Lamulo latsopanoli lifuna kuti khonsolo iri yonse ikhale ndi pulani ya dera lace lonse, ndipo lilola khonsolo kupangana ndi mafumu za kulinganiza malo a m'midzi.

Oyang'anira ndi ambiri, ndipo pamenepa pali ngozi. Wina asunga nyama, wina asunga mbiri, wina apereka mapuloti, wina afunafuna obweretsa cuma. Ngati onsewa sayang'ana pa mapu amodzi, cimene ofesi yina yakana ofesi yinzace imabvomereza.

Mayeso a mu 2006

Malire amadziwika kulimba kwace pamene ndalama ziwagogoda. Mu 2006 kampani yina inapatsidwa mahekitala 220 m'kati mwa malo osungiramo nyama, pamene Maramba amathira mu Zambezi. Inafuna kumanga mahotela awiri akulu, bwalo la masewera a gofu ndi nyumba mazana angapo. Anthu a mu Livingstone anagawikana. Ofuna nchitoyo sanali opusa. Mafakitale a nsaru ndi a magalimoto amene analemba anthu ambiri nchito mu mzindawo anali atatsekedwa, ndipo acinyamata anali kungokhala. Otsutsa nawo anali ndi mau olemera, akuti malowo ndiwo njira ya njobvu, ndiponso ndilo gombe lotsala limene anthu wamba angafikepo kukaona mtsinje wao.

Nkhaniyi inamveka kutali, ndipo mu November 2006 UNESCO ndi bungwe la IUCN anatumiza anthu ao kudzaona. Mwezi wotsatira Environmental Council of Zambia inakana bwalo la gofu ndi nyumba zija, nilola mahotela okha kumpoto kwa Maramba. Nchito ija monga inaganiziridwa poyamba sinacitike.

Cimene cinaturuka pa mkanganowu ndico pulani imodzi ya maiko onse awiri, yobvomerezedwa mu 2007. Pulaniyi inagawa malowo m'zigawo monga mwa kusacedwa kuonongeka kwace. Cigawo ca pafupi ndi mathithi, ndi kamsitu ka nthunzi, zisumbu ndi maphompho, ndico cosungidwa kolimba, ndipo simuloledwa nyumba zatsopano zokhalitsa. M'zigawo zakutali ndi madzi mungamangidwe zina, koma pa muyezo wace. Ubwino wa kugawa kotere ndi wakuti wobweretsa cuma amadziwiratu pamene adzaloledwa, ndipo wogwira nchito m'ofesi ali ndi pepala loimapo pokana. Pamene kunamveka maganizo a kuimika cigudumu cacikulu cokweza alendo m'mwamba pafupi ndi mathithi a kum'mawa, komiti ya UNESCO mu 2017 inangoloza pa pulani ija, niti cinthu cotere sicigwirizana ndi zololedwa m'cigawo cimeneco.

Koma pulani si linga lamwala. Patapita zaka, hotela yaikulu inayamba kumangidwa m'mbali mwa Zambezi pafupi ndi Maramba, ndi ndalama za penshoni za anchito a m'Zambia. Mu 2021 komiti ya UNESCO inapempha kuti nchitoyo iime, koma hotelayo inatha nitsegulidwa mu 2022. Ena amaloza anthu amene anapezamo nchito, ena amaloza gombe limene linacepa. Cimene onse abvomereza ndi cakuti malo amene amangidwapo sabwereranso kukhala thengo.

Kusunga mseu

Mseu wokongola suonongeka tsiku limodzi. Munthu ali yense wa malonda amafuna puloti ya m'mbali mwa mseu, popita alendo. Woyamba akamanga, palibe amene amadandaula, pakuti nyumba ndi imodzi ndipo thengo likadali lalikulu. Waciwiri amafunsa cifukwa cace iye akanizidwe pamene mnzace analoledwa. Pakutha pa zaka 20 mseu wonse umakhala mpanda wa zipupa, zikwangwani ndi waya, ngakhale palibe munthu amene anafuna kuti zitero.

Olinganiza malo ali ndi njira zingapo zoletsera zimenezi. Amaika malo a masitolo ndi mahotela pamodzi, makamaka mu mzinda, m'malo mwa kuwandandalika mu mseu monse. Amalamula kuti nyumba zikhale patali ndi mseu ndi gombe, mitengo ikhale pakati. Amaika muyezo wa kutalika kwa nyumba kuti madenga asapitirire mitengo. Amacepetsa zikwangwani za malonda ndi nyali zowala usiku. Koposa zonse amasiya mipata yaikulu yopanda mpanda, kuti nyama zizioloka.

Za mipata imeneyi si za kukongola kokha. Njobvu zimayenda pakati pa Zimbabwe, zisumbu za mu Zambezi ndi thengo la ku Zambia, kutsata njira za makolo ao. Njira ikatsekedwa sizibwerera, koma zimafuna kwina kodzera, ndipo kumeneko ndi ku madimba ndi ku makomboni. Mu Livingstone minda yaonongedwa ndipo anthu aphedwa ndi njobvu. Mpanda umamangidwa ndi mwini cuma, koma wokumana ndi njobvu ndiye mai wopita kukafuna nkhuni m'mamawa.

Nthawi zina mseu umapulumutsidwa ndi mseu unzace. Kwa zaka zambiri malole akatundu anali kundanda pa mseu wa ku mathithi kulindira kuoloka malire. Mu May 2021 unatsegulidwa ulalo wa Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, ndipo malole ambiri a kum'mwera anapeza njira yina yosadzera pa mathithi. Kotero kulinganiza malo amodzi kufuna kuyang'ana dera lonse. Comweconso kunsi kwa mtsinje, kumene maboma awiriwa akhala zaka zambiri ndi maganizo a kumanga damu la magetsi pa Batoka Gorge, makilomita ngati 50 kucokera pa mathithi. Funso lalikulu pa damulo ndi kutalika kwa cipupa cace, pakuti ndiko kudzanena pamene madzi obwerera adzafika m'maphompho.

Amene asenza katundu

Kuletsa kumanga kuli ndi mtengo wace, ndipo kawirikawiri olipira ndiwo eni dziko. Anthu a kwa Mukuni ndi midzi yina anali kuwedza, kudyetsa ziweto ndi kutema mitengo m'malo amene tsopano ndi oletsedwa. Ambiri a iwo amapeza ndalama posema ziboliboli ndi kugulitsa kwa alendo. Pulani imene ingonena kuti pano iai, pano iai, osanena pamene ana a anthuwa adzamanga ndi kulima, sikhalitsa, pakuti njala imadula waya. Pulani yabwino imapatula malo a misika, a nyumba ndi a minda, imasiya njira yofikira ku mtsinje ndi ku malo a nsembe, ndipo imaonetsa poyera gawo la ndalama za alendo limene libwerera ku midzi.

Mafumu nawo ali ndi udindo wolemera. Mwa lamulo la malo la mu 1995, malo a m'manja mwa mafumu sangasandutsidwe a lisi ya Boma mfumu isanabvomereze, ndipo lisi yotere imafika zaka 99. Kalata imene mfumu isaina m'mawa umodzi imamanga adzukulu ndi ana a adzukulu. Ndi cifukwa cace kuli kofunika kuti mfumu, nduna zace, anthu ndi khonsolo ayambe apangana za dera lonse, pempho la munthu mmodzi lisanaikidwe patsogolo pao.

Phunziro kwa a kum'mawa

Omvera a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba angati za mathithi ndi za kutali. Koma dziko lao liri nazo zace. Mseu wa Great East Road potsikira ku Luangwa, kumene kuli ulalo wa mu 1968, umadzera m'mapiri okongola, ndipo amene amayendamo amaona matumba a makala m'mbali mwace ndi zitsa pa zitunda. Pa Thandwe kufupi ndi Chipata ndi pa Mkoma ku Katete pali matanthwe olembedwa zithunzi ndi anthu akale, osungidwa ndi lamulo. Alipo matanthwe enanso ndi misitu ya manda a mafumu zimene sizinalembedwe m'buku liri lonse la Boma, ndipo zotere zimatha mwakacetecete, wophwanya miyala akafuna miyala kapena wogula akafuna famu.

Mudzi sufunika kulindira anthu a UNESCO. Akulu angayende ndi acinyamata m'dziko lao, kuwaonetsa manda, akasupe, matanthwe a zithunzi, mitengo ya mbiri ndi njira za nyama. Zimenezi zilembedwe, zionetsedwe kwa mfumu yaikulu, ndipo ziperekedwe ku khonsolo kuti zilowe mu pulani ya dera. Thanthwe la zithunzi lidziwitsidwe kwa a National Heritage Conservation Commission. Nchito imeneyi siifuna ndalama zambiri, koma ifuna kucitidwa pa nthawi imene palibe amene alikupempha malowo, mitima ya anthu ikadali pansi.

Pa Mosi-oa-Tunya malire amene analembedwa msanga ndiwo asunga thengo la m'mbali mwa mseu kufikira lero, ndipo pamene malire anagonja, nyumba zinaima ndipo ziripobe. Akulu ananena kuti madzi akatayika saoleka. Dziko lokongola liri cimodzimodzi.